Chiliza cha Annette

"Zimene ndanenazo ndi zomwezo, alamu, musaonjezerepo kanthu," anatero a Ursula uku akugogoda tebulo ndi chala. "Annette, mkazi wa a Bennet, mayi wa Mvano, usani mumtendere. Pamwamba pake nkhunda. Basi. Chiliza si nyuzipepala."

Ndaziona anali ataima pakhomo la kukhitchini, thireyi ya makapu ili m'manja. Anamutuma tiyi, sanamutume maganizo, koma pakamwa panamuyabwa.

"Ndiye kuti amami anabwera pa dziko lino kudzakhala mkazi wa adadi basi?"

"Iwe, ndikulankhula ndi bambo ako."

"Inenso ndikulankhula za amayi anga, amayi aakulu."

A Bennet anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya tayi. Ndizo ankachita nthawi zonse mawu akakwera m'nyumbamo. Chimwalirireni mkazi wawo chaka chatha, magalasi amenewo anali atapukutidwa kuposa mawindo onse a m'Chinyonga.

"Ndazi, ika tiyiyo pansi," anatero motsitsa mawu.

Ndaziona anaika thireyi mwamphamvu mpaka supuni zinalira. A Ursula anali mkulu wake wa malemu amayi ake, ndipo anali atachokera ku Manja m'mawa umenewo atamanga duku lawo la nkhani zikuluzikulu. Chiliza chinayenera kuvundukulidwa kumapeto kwa mwezi, ndipo mmisiri wa ku Limbe ankangodikira mawu oti agobe pamwala.

"Pa maliro munawerenga mbiri yawo kuti ankagwira ntchito pa ofesi ina m'tauni," anatero Ndaziona. "Ofesi ina! Ngati ankakolopako. Amami anali wasayansi. Anatha moyo wawo wonse akufufuza udzudzu wa malungo. Anthu ankachokera ku Zambia, ku Mozambique, kudzaphunzira kwa iwo. Mawu amodzi okha ndikupempha: wasayansi. Mwala ungathyoke ndi mawu amodzi?"

"Wokolopa palibe amamugenda," anayankha a Ursula. "Waiwala iwe? Tayang'ana zenera ilo. N'chifukwa chiyani galasi lakumanzere likusiyana ndi anzake? Unali kamwana, unalowa kunsi kwa bedi miyala ikugwa pa malata. Chaka cha anamapopa chija anthu anapeza mng'ono wanga ali ndi timapaipi toyamwira, timabotolo ndi tochi m'chikwama. Unkafuna aganize chiyani? Ine ndinayenda m'misika ya Blantyre yense anthu akundiloza ndi milomo."

"Amami sanapopepo magazi a munthu. Magazi ankapereka ndi iwo."

"Ukawauze zimenezo anyamata a pa siteji. Anthu anaiwala, mwana iwe, Mulungu anatithandiza anaiwala. Iwe ufuna uwakumbutse pamwala, mwala woti sufufutika? Daisy wanga chinkhoswe chake chili pakhomo. Akuchimuna akubwera ku chiliza kudzatipepesa. Ufuna akabwerere kwawo akuuzana kuti mwana wawo akukatenga mkazi kwa anamapopa?"

Ndaziona anatembenukira kwa bambo ake. "Adadi, inu simuyankhula?"

"Amalume ako anatisiya kale, wotsala kuchikazi ndi amayi ako aakuluwa," anatero a Bennet osadzutsa mutu. "Ine ndine mkamwini, mwanawe. Nkhani ya manda ili ndi eni ake."

"Pa ukwati munalumbira ndinu, si eni akewo."

"Ndaziona!"

Mtsikanayo anatuluka, chitseko n'kuchisiya chikulira chokha.

Masiku amenewo Ndaziona analibe chochita. Mayeso a Fomu 4 anali atalemba, zotsatira zisanatuluke, ndipo nthawi inkayenda ngati minibasi yodikira kudzaza. Ankakhala pakhonde kuyang'ana phiri la Soche likusintha mtundu, n'kumalota. Tsiku lina ankadziona atavala gauni yoyera, dzina lake lili pachitseko. Tsiku lina ankadziona ali m'dziko la chisanu, mnyamata wina wosadziwika nkhope akumunyamulira mabuku. Koma maloto onsewo ankathera m'kachipinda kamodzi, kofunda ndi konyowa mpweya, kumene amayi ake ankamutengera Loweruka ali wamng'ono.

Munali timabokosi ta neti todzaza ndi udzudzu, ndi mabeseni a madzi momwe ana a udzudzu ankavinamo. Amayi ake ankapinda dzanja la bulauzi, n'kugoneka mkono pamwamba pa neti kuti udzudzu uyamwe. Ankati waukazi sungaikire mazira usanamwe magazi, ndipo popanda mazira palibe choyesera mankhwala opaka m'maneti.

"Usayang'ane mkonowu, Ndazi, yang'ana ine," ankatero, kenako n'kuyamba nkhani.

Sizinali nthano ayi. Zinali nkhani za akazi enieni. Wina wa ku Ulaya amene anapeza miyala yowala mumdima, n'kuifufuza mpaka inamudwalitsa. Wina amene anajambula chithunzi cha kaulusi ka m'thupi kamene kamachititsa mwana kufanana ndi makolo ake, koma ulemu n'kupita kwa amuna. Wina wa ku China amene anapeza mankhwala a malungo m'chitsamba, n'kuyamba wawayesa pa thupi lake lomwe.

"LA amene umalira naye kuti ngowawa uja, chiyambi chake ndi mkazi ameneyo," ankatero akuseka, mkono uli psuu. "Awa ndiwo amene mayina awo anapulumuka. Ambiri anangotsala m'mabokosi, sitidzawadziwa."

Chitadutsa chaka cha miyala chija, maulendo a Loweruka anatha. Ntchito sanaisiye, koma anayamba kuvala za manja aatali ngakhale mu Okutobala, ndipo wowafunsa kumene amagwira ankamuyankha kuti m'tauni.

Lachitatu lina Ndaziona analephera kupirira. Anatsetsereka wapansi kupita ku Kanjedza kwa anti Afisa, mnzawo wa amayi ake amene anagwira nawo ntchito kuyambira ali atsikana. Anawapeza akukazinga zitumbuwa kuseri kwa nyumba, mpango wobiriwira uli kumutu, n'kuwafotokozera za chiliza.

"Nkhunda?" Anti Afisa anaseka mpaka anagwira m'chiuno. "Annette ndi nkhunda? Munthu amene ankathamangitsa nkhunda pa denga la labu yathu ya udzudzu ndi tsache? Koma a Ursula abale!"

"Ndiye mukuseka, anti? Adadi angokhala duu ngati si mkazi wawo. Ine ndikuona ngati ankachita nawo manyazi."

"Khala pansi. Tenga chitumbuwa. Bambo ako amene uja, manyazi? Sanakuuzepo m'mene anapezerana?"

"Amati kutchalitchi."

"Kutchalitchi! Mabodza a akulu a mpingo ndiye okoma bwanji. Tamvera. Tinkayenda m'makomo m'mamawa, kugwira udzudzu umene wagona pa zipupa. Kapaipi kukamwa, tochi m'manja, ukauona umauyamwa, umakakodwa pa kasefa. Tsiku limenelo tinali ku Manja. Talowa m'nyumba ina, Annette wakwera pa mpando, kapaipi kukamwa, kukamwako kwatupa ngati woimba lipenga. Pamenepo kukutuluka mnyamata ku bafa, thaulo m'chiuno, sopo m'khutu. Anangoima. Ife tamaliza, tatsanzika, iye ali chiimire."

"Adadi?"

"Eni ake. Sabata yotsatira uyo watulukira ku labu, tayi pakhosi, m'manja botolo la mankhwala a chifuwa. Akuti ndakubweretserani udzudzu, mwina ungakuthandizeni pa ntchito. Annette anauyang'ana kamodzi, n'kumubwezera. Akuti, achimwene, uwu si wa malungo, uwu ngongosokosa m'khutu. Mukabwere ndi weniweni."

Ndaziona anasiya kutafuna.

"Anabweranso. Wolakwika. Anabweranso, ulendo uno mtundu wolondola koma waumuna. Annette akuti, simukuziona ndevuzi? Waumuna saluma, amangomwa timadzi ta maluwa ngati bwana. Mnyamata wa anthu anavutika dzinja lonse, akukwawa kunsi kwa mabedi a anzake, akufunsa ngakhale alonda a ku ofesi kuti kwanu kuli udzudzu? Mapeto ake anaphunzira. Wa malungo ukatera sugona chafufumimba ngati enawa. Umaimika kumbuyo m'mwamba, mutu pansi, ngati singano yobayidwa chopendekera, ndipo mapiko ake ali ndi timadontho. Tsiku limene anabwera ndi weniweni, waukazi, wamoyo, ndi tsiku limene amayi ako anamulola kuti awaperekeze pa siteji."

Ndaziona anamva kutentha m'maso. Iye amene ankaganiza kuti chikondi chili m'mafilimu basi, chinali chitakhala naye m'nyumba zaka zonsezi, chikupukuta magalasi.

"Nanga anasintha bwanji?"

"Sanasinthe. Anaopa. Tsiku la miyala lija iye ndi amene anaima pakhomo, nkhope ili magazi okhaokha, inu muli m'kati. Munthu akaima pakhomo tsiku ngati limenelo, china chake chimatsalira pomwepo." Anti Afisa anatembenuza zitumbuwa. "Usamuweruze msanga. Uli ndi phuma ngati mayi ako."

"Anti, mungandijambulire weniweniyo?"

"Wa chiyani?"

"Ndingofuna ndikhale nawo."

Anti Afisa anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapukuta manja, n'kutenga pensulo ya mdzukulu wawo.

Mwayi unadza wokha. A Bennet sankafuna kuuona mwalawo. Ankati ku ofesi kwachuluka ntchito, koma Ndaziona anadziwa kuti akuopa kuona dzina la mkazi wawo litagobedwa. Choncho anatuma iyeyo kuti akaone ngati mmisiri walemba bwino.

Malo a mmisiriyo, Abdala, anali kuseri kwa mashopu a matayala ku Limbe, fumbi loyera lili ponseponse, ziliza zitatsamira khoma ngati anthu odikira dokotala. Mawu anali atagobedwa kale, monga ananenera a Ursula. Pamwamba pokha ndi pamene panali posalala.

"Yatsala nkhunda, sisi," anatero Abdala, akuchotsa kansalu kumphuno. "Mufuna yoyang'ana kumanja kapena kumanzere?"

"Nkhunda yasintha. Muikepo ichi."

Abdala analandira pepalalo, analitembenuza, n'kulitembenuzanso. "Sisi, ine ndagobapo mtanda, Baibulo, mpira, gitala. Mwezi watha ndagoba minibasi yathunthu ndi nambala yake. Koma udzudzu? Unawapha ndi umenewu?"

"Ayi. Ndi iwo ankaupha."

"Madala akudziwa?"

"Akudziwa," ananama Ndaziona. "Koma muonetsetse. Kumbuyo kuloze m'mwamba. Timadontho ta pa mapiko musatiiwale. Ndipo musauike ndevu."

"Ndevu! Udzudzu uli ndi ndevu?" Abdala anapukusa mutu akuseka. "Ntchito ino tidzaona zambiri."

Anakwera minibasi yobwerera akumva ngati wakula. Koma pofika pa Chichiri kukulako kunali kutatha, kwatsala mantha. Masabata awiri otsatirawo sanadye bwino. Daisy anabwera kudzamuonetsa nsalu ya chinkhoswe, akusekerera, akumufunsa ngati mtunduwo ukumukhala, ndipo Ndaziona analephera kumuyang'ana m'maso. Madzulo ena anapeza bambo ake akusita okha nsalu yoyera yodzaphimbira chiliza, akuiwongola pang'onopang'ono ngati ikumva kuwawa. Anatsegula pakamwa kuti aulule. Bambo akewo anadzutsa mutu, n'kumwetulira kumwetulira kotopa, ndipo Ndaziona anabwerera osaulula.

Amisiri anakaimika mwalawo Lachisanu, n'kuukulunga. Wachibale aliyense sanauone, pakuti chiliza sachisuzumira tsiku lake lisanafike.

Loweruka kunacha kopanda mtambo. Kumanda kunadzaza. Amayi a Mvano anaima mbali imodzi, mabulauzi ali mbuu, akuimba motsitsa. Anzawo a ku ofesi a a Bennet anaima ndi masuti awo pa dzuwa. Anthu a m'Chinyonga analipo, ena mwa iwo omwe aja anali ndi miyala m'manja chaka chija, lero atanyamula mabuku a nyimbo. Akuchimuna kwa Daisy anapatsidwa mipando kutsogolo. Anti Afisa anaima patali pang'ono, pansi pa mtengo wa jakaranda.

Abusa atapemphera anati, "Tipemphe mkulu wawo wa malemu ndi bambo a panyumba atichotsere nsaluyi."

A Ursula anagwira ngodya ina, a Bennet ina. Nsalu inatsetsereka.

Nyimbo imene amayi anali atayamba inafera m'kamwa. Pamwala wakuda, pamwamba pa dzina la Annette, panatera udzudzu waukulu ngati chikhatho, woyera, miyendo yake yaitali, mutu pansi, kumbuyo m'mwamba. Abdala anali atagwira ntchito yake ndi mtima wonse.

Kumbuyo wina anatsokomola. Wina ananong'ona, koma kumanda kunong'ona kumamveka: "Paja ndi mayi aja a magazi aja eti?"

A Ursula anagwira mkono wa mlamu wawo. "Alamu, yankhulani msanga. Nenani kuti mmisiri walakwitsa. Nenani kuti ndi nkhunda yamukanika. Tiphimbe, Lolemba akaipale."

Kenako maso awo anapeza Ndaziona, ndipo mtsikanayo anadziwa kuti adziwa. Anaona Daisy ataphimba pakamwa, anaona mayi a mnyamata wa Daisy akukweza khosi kuti aone bwino. Zonse zimene ankalota za tsikuli, kuti anthu adzaomba m'manja, kuti adzalira ndi chisoni, zinasungunuka. Panatsala iye yekha, mwana wabodza amene waika chilombo pa manda a mayi ake.

A Bennet anavula magalasi. Anagwira nsonga ya tayi. Ndaziona anatseka maso, pakuti ankadziwa chotsatira.

Koma atatsegula anaona magalasi aja abwerera kumaso osapukutidwa. Bambo ake anali atagwada pa simenti, suti yawo ya ku tchalitchi ili m'fumbi, nkhope pafupi ndi mwala. Anayendetsa chala pa mapiko, n'kuima pa timadontho. Anayang'ana kumutu kwake nthawi yaitali.

"Alamu!" ananong'onanso a Ursula.

"Si nkhunda iyi," anatero a Bennet. Sanakuwe, koma mawu awo anafika mpaka ku jakaranda. Anadzuka, n'kutembenukira anthu. "Abusa, mundikhululukire, sindinali pa pulogalamu. Uwu ndi udzudzu. Komatu si udzudzu wamba. Taonani m'mene waimira. Enawa akatera amagona, uwu umaimika kumbuyo. Ndi umene umabweretsa malungo. Ndipo ndi waukazi, chifukwa ulibe ndevu."

Mwana wina anaseka, mayi ake n'kumutsina.

"Mkazi wanga ankauweta umenewu. Ankaudyetsa ndi mkono wake, uwu wakumanzerewu, kuti aone mankhwala amene angauphe. Ena mwa inu munkadabwa kuti bwanji savala za manja aafupi. Mkonowo unali zipsera zokhazokha. Neti imene mwagonamo lero, mankhwala ake ena anayesedwa pa udzudzu umene unakhuta magazi a Annette. Magazi a munthu wina aliyense sanawagwirepo. Anali wasayansi." Anaima kaye, ngati mawuwo ndi achilendo m'kamwa mwawo. "Wasayansi. Pansipa patsala malo. Mmisiri abweranso."

Bambo wina wa m'Chinyonga anawerama, n'kuyamba kuyang'anitsitsa nsapato zake. Amayi awiri kumbuyo anatola zikwama zawo n'kuchoka mwakachetechete. Mayi a mnyamata wa Daisy anadzuka pa mpando, ndipo a Ursula anagwira pamtima. Mayi a mnyamatayo anayenda mpaka pa chiliza, anawerama, manja kumbuyo.

"Ndiye wa malungo ndi umenewu?" anafunsa. "Ine mwana wanga woyamba anapita ndi malungo, koma sindinauonepo nkhope yake." Anauyang'ana kanthawi, kenako anabwerera pa mpando wawo, ndipo palibe anadziwa chimene chinali mumtima mwawo.

Mayi wina wa Mvano anayambitsanso nyimbo, anzake n'kuilandira mmodzimmodzi. Nkhata zinaikidwa. A Ursula anaika yawo osayang'ana pamwamba pa mwala, ndipo podutsa pafupi ndi Ndaziona anati, "Chinkhoswe chikasokonekera, udzandidziwa." Koma maso awo anali atafiira, ndipo pochoka anasisita dzina la mng'ono wawo ndi chikhatho.

Anthu atayamba kulowera ku magalimoto, Ndaziona anatsala. Bambo ake anali ataimabe pa chiliza, nsalu yoyera ija itapindidwa pamkono.

"Adadi, ndinanama kwa mmisiri. Ndinati mukudziwa."

"Za bodzalo tikakambirana kunyumba. Ndipo kwa amayi ako aakulu ukapita wekha kukapepesa, ine sindikuperekeza." Sanamuyang'ane. "Anakujambulira ndi Afisa?"

"Eya."

"Ndinadziwa. Miyendo yakumbuyo amaitalikitsa nthawi zonse."

Kutali kunkamveka makondakitala akuitanira za ku Limbe. Kenako a Bennet anaweramanso, n'kupukuta kafumbi pa phiko la udzudzu uja ndi nsonga ya tayi yawo. Polankhula, sanalankhule ndi mwana wawo.

"Taona, Annette," anatero. "Ndabwera ndi weniweni."